Chaka chimene ndinali Mariya ku Kabwata

Nsalu yotchinga siteji yathu inali matumba a ufa osokedwa pamodzi, ndipo ukaikoka inkawaza fumbi loyera lonunkhira gaga. Zinali zaka zija tinkalawirira kukaima pamzere wa ufa ndi mafuta ophikira, anyamata a chipani akutikalipira kuti tiwongole mzere. Tikaweruka kusukulu m'nyengo ya Lenti, ana a parishi ya ku Kabwata tinkasonkhana m'holo kuphunzira sewero la masautso a Yesu. Wotiphunzitsa anali ba Tembo, kalaliki wa boma ku Longacres, amene ankafika pa njinga tayi idakali m'khosi. Ankalemba mzere wa choko pansi n'kutiuza kuti kuno ndi Kabwata, uko ndi Yerusalemu, ndipo wowoloka mzerewo asiye dzina lake kumbuyo. Sankalola kufulatira oonerera, ndipo mawu ankayenera kukafika pa benchi yomaliza.

Ine anandisankha kukhala Mariya. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo m'nyengo ya mvula ya chaka chomwecho tinali titaika m'manda mlongo wanga Dalitso, amene anamwalira ndi malungo. Pophunzira, ndikafika pansi pa mtanda ndinkakuwa ndi kudzigwetsa pansi, anzanga n'kumaseka. Tsiku lina ba Tembo anandiimitsa. "Iwe mwana, leka chongo. Sunaonepo mzimai wamene mwana wake wafa? Chita mwamene anachitila." Ndinali nditamuonapo. Kumanda amayi anga sanalire. Anangoima, dzanja limodzi litagwira mfundo ya chitenje, linalo likusisita pamimba pang'onopang'ono.

Lachisanu Loyera masana holo inadzaza, mukununkha thukuta ndi lubani. Nditafika pa mtanda sindinakuwe. Ndinagwira mfundo ya chitenje, ndinasisita pamimba, ndinaima. M'holo munkangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa. Kenaka pa benchi yachitatu amayi anadzuka, natuluka osayang'ana aliyense. Ndinamaliza sewero ndikuganiza kuti ndawavula pagulu.

Kunyumba ndinawapeza atakhala pa mphasa, atafungatira shati ya sukulu ya Dalitso, akulira kulira kumene sanalire kumanda kuja. Ndinagwada pakhomo kudikira chilango. Atapukuta m'maso anandifunsa, "Kansi wenze kuniyangana siku ija?" Ndinavomera ndi mutu. Anandikokera pachifuwa. "Ine nenze kuganiza ati nili neka."

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Dalitso linayambanso kutchulidwa m'nyumba mwathu. Masewero ndaonera ambiri, ena a magetsi ndi zovala zokongola, koma ine sindinakwerenso pa siteji. Ndinali nditadziwa ndili mwana kuti chisoni chimene wosewera amavala chimakhala cha munthu wamoyo, ndipo nthawi zina mwini wakeyo amakhala ali pomwepo, akuonerera.