Wapamtima wa Che Uladi

Pamsika wa Mangochi panamveka zoti kuchipatala kwabwera makina oti akangokugunda nawo pachifuwa, nkhope ya mkazi amene umamukonda imatulukira pafoni. Kaya, mwina n'zoona. Mafoni a masiku ano ndi akazitape.

Amene nkhaniyi inawasowetsa mtendere ndi Che Uladi, owamba nsomba a ku Malindi. Bambo amenewa anakulira mu utsi, moti ngakhale asambe bwanji Lachisanu, amphaka amawaperekezabe kumzikiti. Akazi ali nawo awiri, a Mwanabibi ndi a Hidaya. Zitenje amagula ziwiri zofanana, usipa amagawa ndi mbale imodzimodzi. Banja lonse linaimira pamenepo: wapamtima asadziwike.

Befu atayamba, anthu anati ndi mphumu ya utsi. Che Uladi anavomera msangamsanga, poti mphumu siifuna makina. Anabwereka mankhwala opopera kwa mnansi, osathandiza. Miyendo inatupa, kugona chagada kunakanika. Tsiku lina m'mawa anangokhala pansi pambali pa uvuni, mawu akutuluka limodzilimodzi. Anawakweza m'galimoto ya nsomba, akazi onse awiri n'kukwera nawo, poti panalibe wolola kutsala.

Kuchipinda cha odwala mwakayakaya, dokotala wachinyamata, a Fletcher, anawaika pa okosijeni, n'kutulutsa kachipangizo konga kometera ndevu, kolumikiza kufoni. Anafotokoza kuti kamaona m'mapapo, ndipo nzeru za kompyuta zili m'fonimo, zomwe zinaphunzira pa zifuwa zambirimbiri, zimawathandiza kusiyanitsa msanga mphumu, chibayo ndi vuto la mtima.

"Adokotala... awa... atuluke," anatero Che Uladi, akuloza akazi awo ndi mlomo.

"Pumani kaye, bambo, zolamula mukalamula kunyumba," anatero a Mwanabibi akusendera pafupi. A Hidaya nawo anasendera.

Pafoni panatsika mizere yoyera ngati mvula. Dokotala anati si mphumu ayi: mtima wafooka, madzi adzaza m'mapapo. Anawabaya jekeseni yochotsa madzi. Pofika masana mkuluyo anali atakodza zodabwitsa anamwino, akupuma bwino, akufunsa kuti nsomba pa uvuni watsala nazo ndani.

Pano akumwa mapiritsi, nsomba akuwambabe, ndipo kwa nthawi yoyamba akazi awo agwirizana chinthu chimodzi: kuwabisira mchere umene dokotala anawaletsa.

Tsiku lija onse awiri anaiyang'anitsitsa foni ija mpaka dokotala anaizimitsa. Panalibe nkhope ya munthu. Makina aja saonetsa mkazi.