Lolemba Limene Foni Inabweza Mervis ku Sitandade Wani

Mervis Kachingwe wa ku Ntcheu anabwera ku Joni mu 2018, ndipo anapeza ntchito ya m'nyumba ku Centurion. Pa kusita anali katswiri, kolala ya shati inkachita kuima yokha. Koma mtima wake unkafuna zina. M'takisi yochokera ku Nellmapius komwe ankakhala, anzake akamawodzera, iye ankatulutsa foni n'kumaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Sukulu yakeyo inali ya pa intaneti, ndipo inkayenda ndi liwiro la wophunzira. Ukakhoza funso, inkakupatsa lovutirapo. Ukalakwa, sinkakalipa ayi, inkangobwerera m'mbuyo n'kukufunsa zomwezo mwa njira ina. Itatha miyezi inayi, Mervis anali atadziwa kulamula kompyuta kuti izibwereza ntchito imodzi mpaka ithe.

Lolemba lina m'mawa atatsegula foni, anapeza funso lakuti, "Kodi kompyuta n'chiyani?"

"Eish! Chinthuchi chapenga?" anakuwa Mervis, takisi yonse n'kucheuka.

Ataweruka anakafunsa amuna ake, a Grain, omwe amasamalira maluwa m'nyumba zisanu ndi ziwiri ku Centurion komweko.

"Abambo, dzulo ndili kutchalitchi munagwira foni yanga?"

A Grain anayang'ana kudenga. "Ndimangoti ndikuthandizeniko timafunso."

"Tingati?"

"Makumi anayi. Koma nawonso amafunsa mokhotakhota, Amayi."

Anali atakhoza awiri okha. Sukuluyo, poona kuti wophunzira wake waiwala zonse tsiku limodzi, inamumvera chisoni n'kumuyambitsanso pachiyambi. Mervis anafuna kukwiya, koma ataona nkhope ya amuna ake, anaseka mpaka kukhala pansi.

Kubwerera pamene anali kunangomutengera masiku anayi, chifukwa akakhoza mafunso angapo motsatizana, sukuluyo inkamudumphitsa. Kenaka anawalembetsa a Grain paokha, pa foni yawo yong'aluka galasi. Iwo anapirira milungu itatu, kenaka anasiya n'kunena kuti maluwa safunsa mafunso.

Chaka chatha Mervis analemba kapulogalamu kake koyamba. Kamawakumbutsa a Grain nyumba yoti akathirire tsiku limenelo, ndi yomwe ili ndi galu wolusa. Anzawo anayi a m'magadeni anapempha kuti nawonso awaikire.

Kusita sanasiye. Koma mwezi watha anapempha malo pa koleji ina ya ku Tshwane, yophunzitsa Loweruka lokha, ndipo amuitana kuti akalembe mayeso olowera.