Sowo yoti idzakwere lole

Loweruka lapitali a Mbewe anandipeza pakhonde ndisanamalize n'komwe tiyi.

"Achimwene, valani nsapato. Mukandithandize kusankha sowo ku Chang'ombe."

Ine ndi matabwa n'kutali, ngakhale msomali ndimakhoma mokhota. Koma munthu akakuitana kokagula chinthu chachikulu, sikuti akufuna nzeru zako ayi. Amangofuna mboni.

A Mbewe ndi kalipentala, Mmalawi mnzathu wa ku Dedza. Anafika mu Dar muno tsitsi lili bii, lero lili mbuu. Moyo wawo wonse agwira ntchito pafakitale ya boma yopanga mipando. Chaka chino fakitale ija yagulitsidwa, monga zikugulitsidwira zinthu zambiri za boma masiku ano, ndipo eni ake atsopano anati antchito achuluka. A Mbewe anapatsidwa kangachepe n'kuuzidwa kuti akapume. Kupuma kwake kuti, kodi mimba imapuma? Ndiye aganiza zomanga kashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Tandale, azipangiramo zitseko ndi mafelemu a mawindo. Kangachepe kaja n'kokwana sowo yamagetsi imodzi yokha, ija ya patebulo, imene mpeni wake wozungulira umatulukira pakati iwe n'kumakankha thabwa. Akalakwitsa kusankha, palibenso kwina kokapempha.

Akazi awo, a Nabanda, anakwera nafe daladala, minibasi ya kuno, osaitanidwa. "Ndingokaona chabe," anatero. Ine ndinangomwetulira. Mayi akati akungokaona, dziwani kuti akupita kukaweruza.

Inu amene munafolapo pamzere wa sopo ndi shuga mumzinda uno, mukafika ku Chang'ombe lero mutha kuzunguzika mutu. Pano ndi ruksa, chilichonse n'chololedwa kulowa. Katundu wangoti mbwee, wina watsopano, wina wogwirapo kale ntchito ku Ulaya, makina a kaunjika. Kale vuto linali kusowa chogula. Lero vuto ndi kusankha, ndipo ambirife kusankhako sitinakuphunzire.

Titazungulirazungulira, tinatsala ndi sowo ziwiri m'sitolo imodzi. Ina inali yatsopano, ya penti yowala, miyendo yake yopyapyala yotha kupindika. Anthu awiri akhoza kuinyamula akucheza. Inayo inali nkhalamba, penti itasupuka, tebulo lake chitsulo chokhachokha. Mwini sitolo anati m'Chiswahili, "Mzee, iyi mukafika nayo muthire simenti pansi, muimange ndi mabawuti. Ikakhala yakhala." Zonse ziwiri zimayenda ndi magetsi a m'nyumba, ndipo mitengo yake sinasiyane kwenikweni.

A Mbewe anatulutsa m'chikwama chidutswa cha mlombwa, umene kuno amati mninga. Anachita kuchokera nacho kunyumba, poti mmisiri sagula sowo ndi maso. Anayamba ndi yatsopano ija. Mano atangoluma mtengo, sowo yonse inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Chitsulo chowongolera thabwa chinasuntha, mzere unakhota, kenako thabwa linadumpha n'kubwerera mmbuyo, kutsala pang'ono kuwamenya pamimba. A Nabanda anagwira pamtima.

Pa nkhalamba ija zinali zina. Inangolira mawu amodzi osasintha, thabwa n'kudutsa myaa. A Mbewe anayendetsa chala m'mphepete mwa pochekapo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuwala. Ngakhale ine wokhoma misomali mokhota ndinaona kuti mlandu watha.

Koma a Mbewe analoza yonjenjemera ija. "Tifungireni iyi, timangireni tizipita."

"Akulu," ndinatero, "si yomweyi imafuna kukung'ambani mimba?"

Anayang'ana kumbali. "Achimwene, iyi ikhoza kukwera lole. Tsiku lobwerera kumudzi tidzangopinda miyendoyi, anyamata a malole a ku Lilongwe aja n'kutiponyera pamwamba. Nanga chinthu chomangirira pa simenti ndidzachizula bwanji? Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

Musawaseke a Mbewe. Ine sindinaseke, ndinamva chisoni, chifukwa matendawa ndi athu tonse Amalawi okhala kuno.

Talowani m'nyumba ya aliyense wa ife, ku Tandale, ku Kijitonyama, kulikonse. Pamwamba pa kabati mupeza sutikesi. Pansi pa bedi mupeza mapoto atsopano ali m'mapepala, mbale zadothi zosadyerapo, makina osokera okutidwa ndi chitenje. Mukafunsa akuuzani, "Izo n'zakumudzi." Eni ake akudyera m'mbale zobooka, akugona pa bedi lolira, poti chabwino chilichonse chikudikira ulendo. Ndikudziwa bambo wina amene anakana kudzala mtengo wa mango pabwalo pake, ati adzadya ndani. Mnzake woyandikana naye anadzala chaka chomwecho. Lero adzukulu a bambo uja amakaba mango kwa mnzakeyo.

Pogula chinthu, Mswahili amafunsa ngati n'cholimba. Ife timafunsa ngati chidzanyamulike.

Akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nanga mame ake otani awa, oti dzuwa la Dar lawawomba mpaka imvi koma akadali pomwepo? Ana athu tikawalankhula Chichewa amamva, koma amayankha m'Chiswahili. Matchalitchi tamanga kuno. Maukwati tavinira kuno. Komabe tikakhala pansi timati "chaka chamawa", ndipo chaka chamawacho chakalamba pamodzi nafe.

Sindikunena kuti kukonda kwanu n'kulakwa. Munthu wopanda kwawo ndi wachabe, ndipo alipo amene anabwereradi, akukhala bwinobwino. Ndikumvetsanso mantha ake. Munthu amene fakitale yamutaya atakalamba sakhulupiriranso pansi pamene wapondapo. Zinthu zikugulitsidwa, malamulo akusintha, mawa sadziwika. Sutikesi ija imamutonthoza, imamuuza kuti zikavuta kuli kothawira. Koma chitonthozo chikafika pokusankhira sowo yoti ikudule zala, pamenepo chasanduka mdani.

Mwini sitolo atayamba kufunafuna chingwe chomangira, a Nabanda anayandikira amuna awo. Sanakweze mawu.

"Bambo a Yosefe, zala zanuzo munabwera nazo zonse kuchokera ku Dedza. Pafakitale paja anzanu angati anasiyapo zawo? Inu Mulungu anakusungani. Lero mukufuna mukazisiye kuseri kwa nyumba yanga chifukwa cha lole?"

"Mayi, inu simukumvetsa. Tikadzapita..."

"Tikadzapita, sawa. Ine sindikana. Koma ndikufunseni. Yosefe tinamuika kuti?"

Yosefe anali mwana wawo woyamba. Anamwalira akukwawa, zaka zoyambirira atangofika, ndipo manda ake ali mumzinda muno. Mpaka lero a Mbewe amaitanidwa ndi dzina lake.

"Tinamuika m'dothi lomweli," anapitiriza a Nabanda. "Chaka chilichonse mumapita nokha kukalambula pamanda paja. Kodi iyeyo adzakwera lole iti? Ngati dothi lino linasunga mwana wanga, lingalephere kusunga sowo yanu? Jamani, takhalani pansi, bambo. Mwaima nthawi yaitali."

Mwini sitolo sanamve Chichewacho, koma anasiya kufunafuna chingwe. A Mbewe anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anatola chidutswa cha mlombwa chija, mbali ina yokhota, mbali ina yowongoka, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali ngati sanachionepo. Ine misozi inali pafupi, ndinanamizira utuchi.

Kenako anapita pa nkhalamba ija n'kuimenya ndi chikhatho, monga amachitira munthu pa ng'ombe imene wagula.

"Basi. Itanani anthu oti atinyamulire."

Panafunika amuna angapo, thukuta lili kamukamu, kuti ikwere pagalimoto. A Mbewe anayang'ana mmene matayala anaphwatalalira n'kupukusa mutu. "Iyi ndiye siidzaona Dedza."

"Zitseko zake zidzakaona," anayankha a Nabanda. "Chitseko chimakwera lole."

Mawu amenewo ndakhala nawo sabata yonse. Mwina ndi mmene tikanayenera kumaganizira kuyambira kale. Kumudzi sikufuna mapoto athu ochita dzimbiri pansi pa bedi. Kukufuna ifeyo tikhale ndi poima, kuti tikhale ndi chotumiza. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Munthu amene moyo wake wonse waima ndi mwendo umodzi pakhomo sathandiza kuno, sathandizanso kwawo.

Lachinayi ndinadutsa ku Tandale. Ndinawapeza a Mbewe kuseri kwa nyumba, atagwada, chitini cha madzi chili m'manja. Anali atakumba, atathira simenti, mabawuti atatulukira pamwamba kudikira sowo, imene inali pambali itafunditsidwa lona.

"Mukutani, akulu?"

"Ndikuthirira, achimwene. Simenti ikapanda kumwa madzi imang'aluka." Kenako anaseka okha. "Mukudziwa? Chifikireni mumzinda uno, aka n'koyamba kuthirira kanthu."

Pakona pa simenti yaiwisiyo panali chilembo chimodzi, Y, cholembedwa ndi msomali. Sindinafunse kuti n'cha ndani. A Nabanda anali pazenera la khitchini, akuchita ngati sakutiona.

Nanga inu, abale anga a sutikesi pamwamba pa kabati, n'chiyani chimene mwakhala mukukana kuchimangirira pansi, poopa kuti sichidzakwera lole?