Kachingwe ka Agogo ndi Thalauza la Amalume

Ndikukumbukira msomali umene unali kuseri kwa chitseko chathu ku Makokoba, mumzinda wa Bulawayo, ndi kachingwe ka khonje kamene kanalendewera pamenepo nyengo yonse yozizira, chaka chimene ndinkaphunzira kulemba pa sileti. Kanali kachingwe kachabechabe, komangidwa mozungulira ngati chibangili, koma kanatisowetsa mtendere m'nyumba monse, makamaka ine.

Ine ndinabadwa woonda, ndipo ndikulemba pano ndili woondabe. Ana a Chindebele a mumzere wathu ankanditcha Mathambo, ndiye kuti mafupa, ndipo ndinkavomera chifukwa dzinalo silinali bodza. Sikuti kwathu kunali njala ayi. Bambo anali khukhi kunyumba ya azungu kutauni, monga analili amuna ambiri ochokera ku Nyasalande masiku amenewo, ndipo mayi ankadziwa kusandutsa fupa limodzi kukhala ndiwo yoti anthu anyambite zala. Ndinkadya bwino lomwe. Kungoti chakudya chikalowa mwa ine chinkangodutsa n'kukathera kumiyendo, poti ndinali mwana wosakhazikika. Kupompi ndinkapita chothamanga, pobwera chothamanganso, madzi theka atatayikira panjira.

Amene anatiputira mavu anali bambo wina wakwathu ku Dedza, amene anabwerera kumudzi atatopa ndi ntchito ya njanji. Agogo anga, mayi awo a amayi, atamufunsa za mdzukulu wawo wa ku Bulawayo, iye anayankha kuti mwanayo ali moyo, koma udzudzu ukumuposa thupi. Mwina ankangocheza, koma agogo sanaseke. Sipanapite nthawi, munthu wina wobwera kudzafuna ntchito anatipatsira kachingwe kaja pamodzi ndi uthenga wapakamwa. Agogo anali atakayeza pamkono wa Maliya, mwana wa mayi anga aang'ono, amene tinabadwa mwezi umodzi. Uthenga unali woti amalume a Zefaniya abwera mvula isanagwe, adzandiveka kachingweko pamwamba pa chigongono, ndipo kakadzapezeka kokhwepa adzanditenga ndikakulire kumudzi, kumene ana amadya maungu ndi mbatata.

Anzanga obadwira kuno mwina simungamvetse chifukwa chake bambo sanangokana. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Bambo akanatha kudandaula mpaka tsitsi kuyera, koma mawu omaliza sanali awo. Mayi anandiveka kachingweko tsiku lomwelo, ndipo zala zawo ziwiri zinalowa pakati popanda kulimbana. Ndinachita mantha kwambiri. Dedza ndinali ndisanamuonepo, Chichewa changa chinali chosakaniza ndi Chindebele, ndipo sindinkafuna kugona kwina kulikonse kopanda fungo la sopo wa m'malaya a bambo.

Ntchito yondinenepetsa inayamba m'mawa mwake. Phala la nsinjiro linayamba kubwera ndi supuni ya mafuta a nyama yowotcha, amene bambo ankabweretsa m'kachitini ka jamu kuchokera kuntchito. Mafutawo ankasungunuka pamwamba pa phala n'kupanga kadziwe kachikasu, ndipo ine ndinkayenera kumaliza mpaka mbale iwale. Pakati pa m'mawa, buledi wopaka chiponde chokhuthala choti lilime linkamatirira kumwamba. Loweruka mayi ankagula mapazi a ng'ombe kubutchala n'kuwaphika kuyambira dzuwa lisanatenthe, msuzi wake womata milomo. Shuga ankasowa chifukwa cha nkhondo ya azungu ija, choncho bambo anayamba kumwa tiyi wowawa kuti supuni yawo igwere m'kapu yanga. Zonsezi ndinkazilandira ndi manja awiri. Chimene ndinkadana nacho ndi mafuta a nsomba a kukiliniki, amene mayi ankandimwetsa atanditsina mphuno. Mpaka lero ndikamva fungo lawo ndimathawa.

Woyandikana nafe anali MaNcube, mayi wa Chindebele wa thupi lodzaza chitseko, amene abale ake ankamubweretsera mkaka wowawasa kuchokera kumudzi. Iwo amati amasi, ife timati chambiko. Atamva nkhani ya kachingwe anaitenga ngati yake. Madzulo alionse ankabwera ndi chipanda chake, n'kundithirira m'mbale, n'kuima pamutu panga manja ali m'chiuno.

"Dlana, mntanami, idya mwana wanga," ankatero. "Ona ine. Ndinali ngati iwe."

Sindinakhulupirirepo kuti MaNcube anakhalapo ngati ine, koma chambikocho chinali chokoma.

Chilango chenicheni chinali kukhala pansi. Mayi anati kuthamanga ndiko kumandibera thupi, ndiye anayala mkeka pakhomo nati ndikadya ndizikhala pomwepo. Phada analetsa, kudumpha chingwe analetsa, kupompi anayamba kupita okha. Anzanga ankasewera kutsogolo kwanga penipeni, fumbi lofiira lili kobo, akuimba ndi kuitana dzina langa lija, ine ndili pamkeka ngati nkhuku yofungatira mazira. Miyendo inkandiyabwa mkati mwa mafupa. Ndinkaigwedeza mobisa pansi pa chitenje, ndipo mayi akaona ankati ndikutaya phala.

Anthu ananenepa m'nyumba muja, sindikana. Mayi, polawa mchere wa mapazi ndi kupala m'poto, anayamba kumasula misoko ya madiresi awo. Bambo anaboola bowo latsopano palamba wawo ndi msomali. Ngakhale kagalu ka MaNcube kamene kankanyambita mbale kanasalala ubweya. Ine masaya okha ndiwo anayamba kuwala pang'ono. Lamlungu tikachoka kutchalitchi mayi ankatsitsa kachingwe pamsomali, ndipo patapita nthawi yaitali zala ziwiri zinasanduka chala chimodzi. Pamenepo thupi langa linaima, linati lafika.

Ndiye panabwera nkhani ya diresi. Mayi, pokhala munthu wa chikhulupiriro, anagula kwa Amwenye nsalu ya maluwa achikasu n'kundisokera diresi lalikulu, kuti thupi likamabwera lipeze malo. Ndinalikonda kwambiri diresi limenelo. Mphepo inkalowa kunsi n'kutulukira kukhosi, m'khwapa munali mtendere, ndipo ndikakhuta mimba inkakhala momasuka popanda chondikanikiza. Koma MaNcube atandiona anagwira kukamwa.

"Hawu, makhelwane," anauza mayi, poti ndimo amaitanira woyandikana naye nyumba, "waika nsungwi m'thumba. Mwana woonda sumuveka chachikulu. Muveke chothina, manja aoneke odzaza."

Mayi anaona kuti ndi nzeru. Tsiku limene tinamva kuti amalume atsika sitima, anafukula m'sutikesi kadiresi kanga ka Khirisimasi yakalekale, anandiveka mapitikoti awiri mkati, kenaka n'kundilowetsa m'kadiresiko mondikankha ngati akuika ufa m'thumba. Mabatani akumbuyo anatsekedwa ine nditagwira mpweya. M'khwapa munkaluma, manja anaima chotambalala osatha kugwa m'mbali. Pomaliza anandipaka mafuta nkhope ndi miyendo mpaka ndinanyezimira. MaNcube anandizungulira kawiri n'kunena kuti tsopano ndaoneka mwana wa munthu.

Amalume a Zefaniya atalowa pakhomo, ndinaona kumene ndinatengera. Anali munthu wamtali, khosi lalitali, miyendo ngati mitengo ya thandala, atavala thalauza la khaki limene telala wa ku Dedza anasoka mosawononga nsalu. Anakhala pampando wa bambo. Ine ndinayenda pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, n'kugwada kuti ndiwapatse moni. Bondo litangofika pansi, kumbuyo kunamveka kuti pwaa, batani limodzi n'kugubudukira pansi pa bedi. Mpweya unalowa m'chifuwa mokoma zedi. Bambo anatsokomola, mayi anayang'ana kudenga.

Amalume sanaseke. Anandilonjera bwinobwino, anafunsa za sukulu, kenaka anapempha kachingwe. Anandiveka okha, ndipo chala chawo chowonda chija chinalowa.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mlongo wanga," anauza mayi. "Amayi ananena, ine ndangotumidwa. Anzanga amene ndabwera nawo akamaliza kugula katundu wawo, tinyamuka naye."

Mayi anangoti, "Ndamva, achimwene." Ine ndinatuluka ndi kadiresi kong'ambika kaja n'kukalira kuseri kwa nyumba mpaka mafuta onse a kumaso anasukuluka.

M'mawa mwake mayi anandiveka diresi langa lalikulu lija nati ndipite ndikasewere, mkeka watha ntchito. Koma mkekawo sunapindidwe. Anauyalira amalume, pamalo pomwe paja padzuwa, ndipo mbale zimene zinkabwera kwa ine zinayamba kupita kwa iwo: phala la mafuta, buledi wa chiponde, mapazi a ng'ombe. Thalauza lawo la ulendo mayi analichapa, kulisita ndi kuliika m'sutikesi, nawapatsa ovololo yakale ya bambo kuti azivala pakhomo. Amalume akati akhuta, mayi ankati, "Mlendo ndi mame, achimwene, idyani. Kumudzi akanena kuti ndinakumanani." Chambiko poyamba ankachinunkhiza mokayika, koma pasanathe sabata ndiwo ankayamba kusuzumira ngati MaNcube akubwera. Mbale yanga mayi ankaiika pafupi ndi khomo, poti amalume azindiona ndikudya. Ndinkamaliza iwo asanafike pakati, n'kupempha zina, n'kuthamangira kuphada.

Anzawo aja anachedwa, wina akudikira malipiro, wina akusakasaka njinga yotchipa. Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Khosi la amalume linayamba kufupika.

Tsiku lonyamuka linafika ndithu. Katundu wanga anali atamangidwa m'chitenje, ine nditakhala pabedi osafuna ngakhale phala. Amalume analowa kuseri kwa katani kukavala thalauza lawo. Tinamva kupuma kwamphamvu, kenaka kudumpha, kenaka chete. Atatuluka anali atagwira thalauzalo m'chiuno ndi manja onse awiri, mabatani ndi mabowo ake atatalikirana ngati anthu okangana.

"Mlongo wanga, thalauzali mwalichapa ndi chiyani?"

"Ndi madzi a kupompi, achimwene," mayi anayankha nkhope ili gwa.

Nthawi ya sitima inali kuyandikira, ndipo nsalu ya khaki m'nyumba munalibe. Mayi anatenga chotsala cha diresi langa, anamasula msoko wakumbuyo kwa thalauza, n'kulowetsapo chigamba chosongoka cha maluwa achikasu. Amalume anadikira atadzikulunga bulangeti, akuyang'ana singano, akuyang'ananso ine. Atavala, thalauza linatseka bwinobwino. Anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso, n'kuvomereza kuti chiyambire silinawakhalepo bwino chotere. Kenaka phwete linawaphulika, anaseka mpaka misozi.

"Bweretsani kachingwe kaja."

Ndinapereka mkono. Anandiveka, chala chinalowa ngati kale. Iwo anakavula, anapinda pang'ono, anamanga mfundo n'kuikoka ndi mano, n'kundivekanso. Kanagwira thupi kuti gwa.

"Chingwe n'cha amayi, koma mfundo ndi yanga," anatero. "Mwanayu ndamuona, amadya kundiposa. Nyumba imene yandichita chonchi siingamane mwana. Akakandifunsa kumudzi, ndikangotembenuka aone maluwawa."

Mayi anamasula chitenje cha katundu wanga. Ine ndinaperekeza amalume mpaka kusiteshoni, ndikuthamanga kutsogolo ndi kubwerera, maluwa anga ndi awo akufanana, anthu a m'misewu akutembenuka. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinasangalala ngati limenelo.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Adzukulu anga amakana mafuta, amadzuka m'mamawa kukathamanga mumsewu wa ku Belmont popanda chowathamangitsa, ndipo amandiuza kuti ndili ndi mwayi chifukwa cha thupi langali. Ndikawauza kuti linatsala pang'ono kundichotsa kwa amayi anga, amaganiza kuti ndikupeka. Malume wa lero sangatenge mwana chifukwa cha kachingwe, ndipo mwina n'zabwino, ngakhale kuti malume wa lero sangayendenso ulendo wonse uja kudzangoona mkono wa mwana wa mlongo wake. Mayi atakalamba ndinawafunsa ngati anachita dala kuwanenepetsa achimwene awo. Anati iwo ankangosamala mlendo, koma anaseka nthawi yaitali. Kachingweko ndikadali nako m'kachitini ka mabatani, kadachita kuda ndi ukalamba, ndipo mfundo ya amalume palibe amene anaimasula.