Laputopu Si Mtedza

Achimwene anga a ku Joni atatumiza laputopu kudzera kwa dalaivala wa thiraki, ananena momveka pa foni: imeneyi ndi yamphamvu, ya anthu opanga mafilimu, muigulitse msanga mugule malata. Nyumba yathu ku Mlonyeni inkadontha moti mvula ikagwa mabeseni ankatiperewera.

Sabata yomweyo kunabwera mkulu wina wa geni wochokera ku Chipata. Ataiyatsa anaimba likhweru. "Mudala, tisinthane," anatero kwa abambo anga. "Ndikusiyirani njinga yamoto iyi, ndiwonjezeponso malata a nyumba yonse."

Abambo anaseka. Iwotu ndi mlimi wa mtedza, ndipo nzeru yawo ndi imodzi basi: wogula akamathamangira, ndiye kuti mtengo ukwera. "Mavenda ndimawadziwa ine," anatero. "Wogulitsa pokolola amalira mu Januwale."

Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Akuti mwana wadzulodzulo ngati ine ndingadziwe chiyani za msika. Anaikulunga m'chitenje, kuilowetsa m'thumba, kusoka kukamwa, n'kuisanjika pamodzi ndi matumba a mtedza. Ndikulumbira, anawazako ngakhale mankhwala a anankafumbwe!

Zaka zinapita. Madzi akamadonthera pa mphasa, amayi ankangoyang'ana thumba lija. "Pirirani, akazi anga," abambo ankatero. "Imeneyi idzatifolera nyumba."

Ataona kuti tsopano yakhwima, tinapita nayo pa boma, iwo atavala jekete ya kutchalitchi. Mayi wa shopu ya makompyuta ataitsegula, munatuluka mphemvu yonenepa bwino. Ine manyazi, kufuna kulowa pansi.

"Ababa, batire latupa," anatero mayiyo, "komanso zamtunduwu kwatuluka zatsopano kangapo konse. Kompyuta ikakhalitsa imakalamba, sikwera mtengo."

"Ndiye mupereka chiyani?"

"Nditha kutenga chaja chokha, ndikupatseni kafoni ka mabatani."

"Nanga ku Zambia?"

"Kumeneko ndiye angakusekeni mpaka pa boda."

Abambo anakana kafoniko, nakulunganso katundu wawo. Tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Ine ndinali nditakonza mawu ambirimbiri, ena okhala ndi tsabola, koma nditaona momwe anaifungatirira pamiyendo, chisoni chinandigwira ndipo ndinawameza onse.

Amayi sanameze kanthu. Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo, udzu wa padenga n'kusasuka, pepala la pulasitiki n'kuyamba kupepeluka. Amayiwo anaimika makwerero, nakwera laputopu ili m'khwapa, n'kupsinja nayo pepalalo pamwamba penipeni pa chipinda chawo.

"Paja munati idzatifolera nyumba!" anakuwa ali pamwambapo. "Bwerani muone, yayamba ntchito!"

Abambo anatuluka opanda chipewa, mvula ikuwatsikira m'khosi. Anangogwira makwerero ndi manja onse awiri kuti amayi asagwe.