Kope la Nester ndi Mbande za a Sungani

Nester Tikhala anabadwira kufupi ndi Milepa, ndipo dimba limene amalima mpaka lero ndi lomwe anamusiyira amayi ake, m'mbali mwa kamtsinje kamene kamaphwa mu Okutobala. Sukulu analekezera Sitandade 8 atatenga pakati, koma dzanja lake polemba linali losiririka, moti kutchalitchi ndiye ankalemba maina pamisonkhano ya amayi. Anakwatiwa ndi Timoti, mkamwini wofatsa wopalasa kabaza, ndipo anabereka ana atatu. Banja lonselo linkadya ndi kuvala matimati.

Alimi a matimati a m'deralo anali ndi gulu, ndipo tcheyamani wake anali a Rafaeli Sungani, bambo wa pakamwa potsekemera, mwini nazale yaikulu kumtunda kwa mtsinjewo. Aliyense ankagula mbande kwa iwo. Nester yekha ndiye ankafesa zake, ndipo a Sungani zimenezi zinkawadya mumtima, poopa kuti ena angatengere.

Mu 2016 matimati a anthu anayamba kufota. Munthu ankathirira m'mawa, koma dzuwa likangokwera masamba onse lende, achikasu, zipatso ngati nthudza. Dimba la Nester lokha ndilo linali biriwiri. Pamsonkhano wa gulu, patsinde pa mtengo wa mango, a Sungani anaimirira nakonza kolala.

“Abale anga, ine sinditchula munthu,” anatero. “Koma madzi ndi amodzi, dzuwa ndi limodzi. Nanga dimba limodzi lingabiriwire bwanji athu akupsa? Alipo pakati pathu amene akukolola za m'minda ya anzake.”

Maso onse anatembenukira kwa Nester. Tsiku lomwelo anamufufuta m'gulu. Kumjigo amayi ankasuntha ndowa zawo iye akafika. Anthu analeka kukwera njinga ya Timoti, ati mwamuna wa mfiti, mpaka Timotiyo ananyamuka kuti akukafuna ganyu ku Limbe, osabwerako. Tracy, mwana wake woyamba, ankabwera kusukulu maso ali psuu. Nester sanalire pagulu, ndipo sanapite kukadandaula kwa munthu. Anangomeza, n'kusunga.

Dzinja lotsatira madzi anasefukira, n'kukokolola dothi la kumtunda kudzaliunjika m'dimba lake. Matimati ake nawonso anafota. Anthu anaseka kuti mankhwala amutembenukira mwini wake.

Mu 2018 kunabwera mlendo ndi alangizi a zaulimi. Anali Dokotala Thandie Mathero, katswiri wa matenda a mbewu, mayi wamfupi wa nsapato zamphira, wokulira ku Nguludi. Ankafuna dimba lodwala kwambiri loti achitepo kafukufuku kwa zaka zitatu. Alimi ena anafunsa ngati kubwere feteleza waulere, ndipo atamva kuti ayi, anabalalika. Nester analibe choti n'kutaya.

“Tiyeni kwanga, adokotala,” anatero. “Lodwala kuposa langa kulibe.”

A Mathero anazula tsinde limodzi, natsuka mizu yake m'ndowa. Mizuyo inali yotupatupa, mfundomfundo ngati mikanda.

“Mwaona, mayi? Muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timatitcha manematodi. Timalowa m'mizu n'kuitupitsa, ndiye mbewu imalephera kumwa ngakhale muthire mtsinje wonse.”

“Ndiye si za anthu ayi?”

A Mathero anapukusa mutu. “Palibe munthu angatitume.”

“Nanga timachoka bwanji dimba ili kupita linalo?”

“Patokha sitiyenda patali. Timanyamulidwa ndi madzi osefukira, dothi lokanirira kukhasu, koma makamaka mbande. Nazale imodzi ikadwala, imadwalitsa mudzi wonse.”

Nester anatembenuzira maso kumtunda kwa mtsinje, kunazale ya a Sungani.

Ntchito inayambika. A Mathero sankafuna mankhwala a m'sitolo, ati ndi odula, amapha ndi tizilombo tabwino ta m'nthaka, komanso amadwalitsa wopopera. Anagawa dimbalo m'zigawo zisanu. Pena anabzala kalongonda, pena maluwa ena achikasu onunkha, pena chimanga chosinthana ndi matimati, pena anakwirira zitosi za nkhuku, ndipo chigawo chomaliza anangochisiya momwemo kuti chikhale chofanizira. Anamupatsa Nester kope lachikuto cholimba.

“Muzilemba tsiku, chimene mwabzala, ndi mmene mizu ikuonekera. Yoyera muzipatsa ziro, yowonongekeratu faifi. Musamakometse, mayi. Bodza limodzi m'kope limapha ntchito yonse.”

Nester sanaphonye ndi sabata imodzi yomwe. A Mathero ankabwera mwezi ndi mwezi, kutenga dothi m'timapepala tapulasitiki kukaliyeza, n'kukopera za m'kopemo. Pofika chaka chachitatu, chigawo chimene munadutsa kalongonda chinali pa wani, pamene chongosiyidwa chija chinali pa faifi. A Mathero ankasangalala ngati mwana.

Koma kumasamba akumapeto kwa kopelo Nester ankachita kafukufuku wakewake. Anawotcha dothi mumgolo monga anaphunzitsidwira, kuti tinyongolotsi tonse tife, n'kulidzaza m'ndowa zakutha zisanu ndi imodzi. M'zitatu anaokeramo mbande zake zofesedwa padothi lowotcha. M'zitatu zinazo anaokeramo mbande za kwa a Sungani, zimene mchemwali wake wokwatiwa ku Boma anakagula katatu, masiku osiyana, osanena kumene zikupita. Ndowazo anazibisa kuseri kwa bafa, nazithirira mofanana. Patatsala sabata kuti kukhale chionetsero cha kafukufukuyo, anawaonetsa a Mathero.

A Mathero anafukula pang'ono m'mbali mwa tsinde, nawerenga zolembedwa kumapeto kwa kope zija, n'kupumira m'mwamba.

“Mwaichita mwaukatswiri, mayi. Ana anga a kukoleji ena sangafike apa. Koma tiyeni tikawauze a Sungani paokha. Mwinatu sakudziwa.”

“Iwo anandiuza pandekha?”

“Ine ndinabwera kudzachiza nthaka, osati kudzazenga milandu.”

“Nthakayo chizani inu, adokotala. Mlanduwu ndi wanga.”

Tsiku lachionetsero anthu anadzaza dimba mpaka m'mizere ya nzimbe. Kunali alangizi, mafumu, ndi alimi ochokera midzi yakutali. A Sungani anabwera atavala jekete, nakhala pampando wakutsogolo, ndipo polankhula anathokoza boma powamvera pempho lawo lobweretsa akatswiri. A Mathero atafotokoza za kalongonda ndi kasinthasintha wa mbewu, anamuitana kuti awerenge za m'kope. Anawerenga bwinobwino, chigawo ndi chigawo, anthu n'kuwomba m'manja. Koma sanakhale pansi. Iye ndi mchemwali wake ananyamula ndowa zija n'kuzindanda patsogolo pa mipando.

“Atcheyamani,” anatero atagwada pang'ono mwaulemu, “inu ndinu akulu pa nkhani ya mbande. Tatizulireni izi, anthu aone.”

A Sungani anaseka, napinda mkono wa jekete. Anazula m'ndowa zitatu zoyamba, mizu ili mbee ngati ndevu za nkhalamba. “Izi ndiye mbande!” anatero. Atazula yachinayi, mizu inatuluka yotupa ngati zala za munthu wodwala. Yachisanu chimodzimodzi. Yachisanu ndi chimodzi nayonso inatuluka yotupa.

Nester anatsegula kumapeto kwa kope. Anawerenga masiku atatu amene mbandezo zinagulidwa, mosathamanga, n'kutchula ndi dzina la mwini nazale.

“Dothi ndi limodzi, lowotcha. Madzi ndi amodzi. Zasiyana mbande zokha. Mfiti munkaifuna ija, atcheyamani, ndi imene mwaigwira m'manjayo. Munkatigulitsa ndinu.”

Kenako mayi wina anakuwa, ndipo phokoso linabuka ngati njuchi. Ena anatembenukira kwa a Mathero kufunsa ngati n'zoona. A Mathero, nkhope ili gwa, anati zolembedwazo zilibe cholakwa.

“Ine sindinkadziwa za tinyongolotsi timeneti,” a Sungani anatero, mawu akutha. “Ndani akanadziwa?”

“Za tinyongolotsi simunkadziwa, chabwino,” Nester anayankha. “Nanga za ufiti wanga munazidziwa bwanji?”

A Sungani anayang'ana uku ndi uku, osapeza wowathandiza. Anachoka asanadye, mbande ija idakali m'manja. Nester anawaperekeza ndi maso mpaka anazimiririka m'nzimbe, ndipo anamva kupepuka kumene anali asanakumve kwa zaka zisanu.

A Mathero sanatsanzike tsikulo. Sabata yotsatira Nester anamva kuti galimoto yawo yaima kwa a Sungani, akuwaphunzitsa kusamutsa nazale ndi kuwotcha dothi. Zinamupweteka, ndipo atakumana anawauza maso ndi maso.

“Nazale yawo ikapanda kuchira, madzi adzakubweretseraninso matendawa,” a Mathero anatero. “Muzidana nawo, koma muli kumunsi kwawo.”

Ubale wa Nester ndi a Mathero unazirala kwa miyezi ingapo. Komabe chaka chinacho a Mathero anabwera ndi mapepala osindikizidwa m'Chingerezi, nalozera chala pamzere wina pamene panali dzina lakuti Nester Tikhala. Anati alangizi a m'maboma ena ayamba kuphunzitsa za kalongonda potengera manambala a m'kope lake.

A Sungani anachotsedwa pampando, ndipo ngakhale nazale yawo inachira, ogula sanabwerere ambiri. Timoti atamva kuti dzina la mkazi wake layera, anatulukira ndi chikwama ndi paketi ya shuga. Nester anamupatsa madzi akumwa, namulola kucheza ndi ana mpaka dzuwa kupendeka, kenako anamuuza kuti afulumire minibasi zisanathe. Shugayo anamubwezera m'chikwama.

Lero Nester ali ndi nazale yake, ndipo alimi amachokera mpaka ku Nguludi kudzagula mbande ndi mbewu ya kalongonda. Aliyense amamuzulira tsinde limodzi kuti aone mizu asanatenge. Amayi amene ankasuntha ndowa kumjigo amawaphunzitsa, koma amayamba wawakumbutsa mmodzimmodzi chimene anachita. Akazi a a Sungani atabwera mwamanyazi kudzapempha kalongonda, anawapatsa mbale yodzaza, nati iye alibe nawo chifukwa. A Sungani anatumiza akulu a mpingo kawiri kuti nkhaniyi ithe m'nyumba. Nester anayankha kuti adzamva kupepesa kwawo pamsonkhano wa gulu lonse, ataimirira, ndipo Tracy ali pomwepo. Mpaka pano sanabwere, ndipo akakumana panjira yopita ku Milepa, a Sungani ndiwo amapatukira m'udzu.