Belu la Alamu Anga Kuseri kwa Golo

Sabata yatha ndinali kometetsa ku Lubuto, ku Ndola, pa kanema akuonetsa mpira wa ku America, uja wosongoka ngati papaya umene amathamanga ataupanira m'khwapa. Wometayo anandiuza kuti masiku ano amaika kachipangizo m'kati mwa mpirawo, kothandiza oyimbira kudziwa pamene wafika kuti mikangano ichepe. Ankanena ngati wanditolera chodabwitsa. Ine mumtima ndinangoti achedwa nazo. Ife ku Kitwe tinaziyesa kalekale, ndipo wezulo tsiku limenelo inali pakamwa panga.

Zinali zaka zimene migodi inkagulitsidwa. Ndinali mphunzitsi, koma Lamulungu masana ndinkayimbira mpira wa madala, ndipo sindibisa, ndinali refu wabwino. Diso langa linali lakuthwa ndipo sindinkaopa munthu. Chovuta chinali bwalo. Kale a mgodi ndiwo ankathira laimu m'mizere ndi kugula maukonde. Atasiya, mizere inafufutika, maukonde anaola, golo inatsala zitsulo zitatu zokha. Mpira ukafika pakamwa pa golo, aliyense ankaona mzere wakewake, ndipo masewero ambiri ankathera m'kutukwanizana.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, anagwira ntchito ya magetsi pansi pa mgodi kuyambira unyamata wawo. Atawachotsa ntchito anangokhala pakhonde. Ku Misa anasiya, kucheza ndi anzawo anasiya. Munthu amene kale unkamumva kudzera m'zitsulo zolira m'matumba a ovolosi, tsopano ankangoyang'ana msewu tsiku lonse. Zinkandipweteka kuwaona, koma sindinkadziwa chowauza.

Tsiku lina mlongo wanga anabwera kunyumba. Anati amuna ake akupanga makina odziwa ngati mpira walowa m'golo, ndipo akufuna awayese pa masewero anga. Ndinayamba kukana, poti maso ndinali nawo awiri abwinobwino.

"Achimwene, aloleni," anatero. "Chichokereni kuntchito, aka n'koyamba kuwamva akuimba mluzu."

Ndinavomera.

Makinawo anali otere. Pa zitsulo zotayidwa anatolapo kadiso ka magetsi, kamene kumgodi kankayang'anira lamba wonyamula miyala. Anapeza nyali ndi batire ya galimoto. Galasi lodziyang'anira la mlongo wanga analidula tizidutswa n'kutimata pa mitengo iwiri kuseri kwa golo, kuti kuwala kuziyenda uku ndi uku mpaka kukafika pa kadisoko. Chinthu chikadula kuwalako, belu linkalira kamodzi. Belulo linali lakale la pa chitsime cha mgodi, lija loimitsira chikepe chotsitsa anthu. Zipangizo zinakwana golo imodzi yokha.

Apa m'pamene panali mbuna, ndipo palibe anaiona. Pansi pa mgodi belu limenelo ndi lamulo. Likalira kamodzi chilichonse chimaima, ndipo munthu safunsa chifukwa. Ndinali nditazimvapo zimenezi, koma ine wa choko sindinaganize kuti zingamutsate munthu mpaka pabwalo.

Alendo athu anali madala a ku Ndola, makalaliki ndi ogulitsa m'masitolo, anthu oti mgodi amangouona pa zenera la basi. Athu onse anali a pansi pa mgodi. Tinayamba fifitini awazi, 3 koloko masana. Alamu anavala ovolosi yositidwa ndi chipewa cha mgodi, nakhala pa mpando pafupi ndi chitsulo cha golo, batire ili pamapazi. Anthu anadzaza bwalo kudzaona makina, mpirawo unali chonamizira chabe.

Chigawo chachiwiri, athu akumwetsa ku golo ya belu, wina anamenya mpira wamphamvu. Goloboyi wa ku Ndola anaugwira n'kugwa chagada. Ndinali pafupi ndipo ndinaona bwino: mutu wake unagwera m'kati, koma mpira unali m'manja patsogolo pa zitsulo. Belu linalira.

Athu onse anaima njo, aliyense pamene anali, manja ali pansi. Ngakhale kusangalala anayamba aiwala kaye. Wezulo yanga sinalire, ndiye goloboyi anadzuka n'kuponyera kalaliki wina wamimba yake. Bamboyo anathamanga bwalo lonse akuwefuka, kudutsa amuna oimirira ngati mitengo ya mpanda, nakagoletsa goloboyi wathu akungomuyang'ana.

Phokoso linabuka m'Chibemba ndi m'Chinyanja momwe. Kaputeni wathu anandiimirira pamphuno akunena kuti belu silinama, chigoli ndi chawo. Lamulo ndinkalidziwa: chigoli cha belu panalibe, cha kalaliki chinalipo. Koma nditayang'ana alamu, atagwira chipewa chawo pamaondo, ndinachita mantha kwa nthawi yoyamba pabwalo. Ndikanangoloza pakati kuvomereza chigoli cha belu, a ku Ndola akanadandaula m'basi mwawo n'kuiwala, alamu n'kubwerera kwawo ali munthu. Kukana kunali kuwauza pamaso pa Kitwe yense kuti ntchito ya manja awo ndi yabodza, ndipo mgodi unali utawauza kale zomwezo.

Ndinapita pamene anakhala, anthu akunditsata.

"Alamu, inu munali pafupi kuposa ine. Mwaona chiyani?"

Anaimirira n'kulankhula mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Wadula kuwala ndi mutu wa goloboyi. Mpira sunalowe. A refu aona bwino."

Palibe anatsutsa. Amuna amenewa anali atatsika pansi zaka zambiri akudalira mawaya a munthu ameneyu, ndipo mawu ake sankawabweza. Ndinapereka chigoli kwa a ku Ndola, ndipo anapambana ndi chomwecho.

Masewero atatha ndinawapeza akumasula mawaya. Ndinayesa kupepesa, koma anandidula. Anati cholakwa n'chawo, anaiwala kuti kumgodi belu silinkanama chifukwa ankaliza ndi munthu amene waona. Ndinawauza kuti ndiye achotse kadisoko koma belulo lisachoke, alimangirire chingwe, aziliza okha. Anandiyang'ana ngati ndikuwaseka. Sindinkawaseka. Golo imeneyo ndinkafunadi munthu woti bwalo lonse limukhulupirire.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ankapita ku Misa yoyamba, masana n'kukhala kuseri kwa golo, chingwe chili m'manja. Athu anaphunzira movutikira kuti woimitsa mpira ndi wezulo, ngakhale ena miyendo inkawakanira mpaka ukalamba. Pa golo imeneyo sindinamvenso mkangano.

Makina a ku America aja sindikuwanyoza. Adzafika poti sadzasokoneza mutu ndi mpira, ndipo oyimbira adzapumako. Alamu akanakhala moyo bwenzi atakhala kutsogolo kwa kanema, akufunsa kuti batire yake ili pati.

Mlongo wanga sanagulenso galasi lina. Mpaka lero amamangira duku lake pa kachidutswa kamodzi mwa tija, kosakwana chikhatho. Ndinafuna kumugulira lalikulu, koma anakana. Anati limenelo ndi limene linamubwezera mwamuna.